Magetsi a Dziko Lathu ndi Mtengo Wace

Munthu wa ku Lusaka kapena ku Chipata akagula magetsi masiku ano amalandira manambala 20, nakawalowetsa m'kabokosi kokhomedwa pa khoma la nyumba yace, ndipo kabokosiko kamamuonetsa mayuniti amene wagula. Kawirikawiri amapukusa mutu, nati, "Kodi ndalama yomwe ija lero yagula mayuniti ocepa cotere?" Funso limeneli ndi labwino, koma yankho lace liri kutali ndi kabokosiko. Liri m'mbiri ya zaka zoposa 100, mbiri ya migodi, ya mitsinje, ya ngongole ndi ya mvula. Inu amene mwangotsiriza sukulu, amene mawa mudzafuna kutsegula kashopu koocherera zitsulo, kumeta anthu tsitsi kapena kuweta nkhuku, muyenera kuidziwa mbiriyi, pakuti phindu la nchito zanu lidzalendewera pa waya womwewo.

Tiyambe tamvana za miyeso. Yuniti imodzi ndiwo magetsi amene babu la mawati 100 limadya likayaka maola 10. Mbale imodzi ya citofu ca magetsi ingathe kumaliza yuniti yomweyo ola limodzi lisanathe. Koma pofuna kunena kukula kwa malo opangira magetsi timachula mamegawati, ndipo megawati imodzi ndiwo mawati 1,000,000.

Magetsi oyamba m'dziko muno anayaka ku Livingstone m'caka ca 1906, kucokera ku kainjini kounikira mbali imodzi ya tauniyo. Koma amene anafunitsitsa magetsi ambiri anali eni migodi. Ku Broken Hill, kumene lero timati Kabwe, kunali mgodi wa mtovu ndi zinki, ndipo kampani ya mgodiwo inachinga mtsinje wa Mulungushi kuti madzi ace azizungulitsa makina. Damulo analitsegula mwana wa mfumu ya ku England, Prince of Wales, m'caka ca 1925. M'caka ca 1938 anayamba kupanga mamegawati 8 pa mathithi a Mosi-oa-Tunya, ndipo mu 1945 kampani ya ku Broken Hill ija inaonjeza malo ena pa mtsinje wa Lunsemfwa. Onani bwino kuti mwa malo atatu amenewa, awiri anamangidwa ndi mgodi, kaamba ka mgodi. Magetsi anadza kuno kudzakumba miyala, ndipo ounikira m'nyumba anali ngati makombo cabe. Makhonsolo a matauni ndiwo anali kugulitsa makombowo, yense pa mtengo wace, makamaka ku mayadi a Azungu, ku masitolo ndi ku maofesi a Boma. M'makomboni ambiri a anthu akuda munali kuyaka nyali ya parafini ndi kandulo.

Migodi ya mkuwa ku Luanshya, Nkana, Mufulira ndi Nchanga itayamba kutulutsa mkuwa pakati pa 1931 ndi 1939, njala ya magetsi inakula msanga. Mgodi ndi citsime cacikuru cimene madzi amalowamo usana ndi usiku. Mapampu akaima, madzi amadzaza, ndipo mgodi ungathe kufa. Cotero mgodi uliwonse unali ndi nyumba yaceyace ya magetsi, yotentha malasha ocokera ku Wankie, ku Southern Rhodesia, amene anali kubwera pa njanje imodzi yokha. Itatha nkhondo yaciwiri ya dziko lonse mkuwa unakwera mtengo, koma sitima zinalephera kubweretsa malasha okwanira, ndipo eni migodi anayamba kudula mitengo ya m'chire kuti asonkhere moto m'ng'anjo zao. Nkhalango zambiri za ku Copperbelt zinatha pa zaka zimenezo. M'caka ca 1956 anakoka waya kucokera ku Congo, ku damu la Le Marinel pa mtsinje wa Lualaba, koma aliyense anadziwa kuti thandizo limeneli linali lakanthawi.

Apa ndipo panabuka mkangano umene zotsatira zace tikali kuzimva mpaka lero. Boma la Northern Rhodesia linali litasankha kale kumanga pa mtsinje wa Kafue, pakuti malowo anali m'kati mwa dziko lathu, pafupi ndi migodi, ndipo nchitoyo ikadatha msanga ndi ndalama zocepa. Koma Boma la Citaganya, limene linayamba mu 1953 ndipo likulu lace linali ku Salisbury, linalengeza mu 1955 kuti damu lidzamangidwa pa Zambezi, pa cigwa ca Kariba, ndi kuti makina oyamba adzaikidwa tsidya la kumwera. Ngakhale Azungu a kuno anakwiya nazo. World Bank inabwereketsa madola 80 miliyoni mu 1956, ngongole yaikuru koposa zonse zimene bankiyo inali itapereka kufikira nthawi imeneyo, ndipo makampani a mkuwa wa kwathu nao anabwereketsa ndalama zambiri. Khomalo anajambula ndi katswiri wa ku France, André Coyne, ndipo anamanga ndi kampani ya ku Italy, Impresit, pamodzi ndi zikwi za anchito akuda ocokera m'maiko onse ozungulira. Kutalika kwace ndi mamita 128. Zambezi anasefukira koopsa mu 1957, nasefukiranso koposa mu 1958, nakokolola milatho ndi zipangizo. Anchito oposa 80 anafera pa nchitoyo. Mai wa Mfumukazi ya ku England anadzatsegula malowo pa 17 May 1960.

Tsono pali mtengo wina wa magetsi a Kariba umene sunalembedwe pa bilu ya munthu aliyense. M'cigwa ca Gwembe munali kukhala Atonga, amene anali kulima kawiri pa caka, dzinja m'minda ya kumtunda, cirimwe m'madimba a m'mphepete mwa Zambezi madzi akaphwera. Nyanja yatsopano, yotalika makilomita pafupifupi 280, inamiza minda imeneyo, midzi, malo a nsembe ndi manda a makolo. Anthu pafupifupi 57,000 anasamutsidwa pa matsidya onse awiri, ndipo ocuruka mwa iwo anali a tsidya lino. Anthu a Mfumu Chipepo anauzidwa kuti apite ku Lusitu, kumunsi kwa damu, kutali ndi kwao, ndipo ambiri anakana, pakuti sanakhulupirire kuti khoma lomangidwa ndi manja lingaimitse mtsinje wotero. M'mwezi wa September 1958, pa mudzi wa Chisamu, amuna onyamula mikondo ndi zibonga anayang'anizana ndi apolisi a mfuti, Bwanamkubwa Sir Arthur Benson ali pomwepo. Anthu 8 anaphedwa, ndipo ena oposa 30 anavulala. Otsalawo anakwezedwa m'malole. Ku Lusitu anapeza nthaka yosabala bwino ndi madzi oipa, ndipo ana ambiri anamwalira m'zaka zoyamba. Akatswiri awiri a za cikhalidwe ca anthu, Elizabeth Colson ndi Thayer Scudder, anayamba kulemba za moyo wa Atongawa mu 1956, napitiriza zaka zambirimbiri, cotero mabvuto ao ndi odziwika bwino. Manyuzipepala a ku Ulaya a masiku amenewo analemba kwambiri za nyama pafupifupi 6,000 zimene zinapulumutsidwa pa zisumbu madzi akukwera, koma za eni dzikowo analemba pang'ono. Mawaya aakuru anadutsa pamwamba pa midzi yao yatsopano kulinga ku migodi, ndipo yambiri ya midziyo inakhala mumdima zaka makumi angapo. Munthu akamati magetsi a kale anali ochipa, akumbukire amene analipira gawo limeneli.

Dziko litalandira ufulu mu 1964 linapezeka ngati munthu amene nkhokwe yace iri pa bwalo la mnzace. Pa 11 November 1965 Ian Smith analengeza ufulu wacipanduko ku Rhodesia, ndipo makina onse a Kariba, amene migodi yathu inali kudalira, anali m'manja mwace. Pulezidenti Kenneth Kaunda anapempha Britain kuti itumize asilikari kukalonda Kariba. Britain inangotumiza ndege za nkhondo zowerengeka, osakhudza damulo. Smith sanadule magetsiwo, koma mantha okhawo anali okwanira. Boma linabwerera ku maganizo akale aja a Kafue. Kampani ya ku Yugoslavia, Energoprojekt, inayamba nchito mu 1967, ndipo makina oyamba a Kafue Gorge anazungulira mu 1971. Pofika 1977 anali kupanga mamegawati 900, mothandizidwa ndi damu la Itezhi-Tezhi losunga madzi kumtunda. Pa mathithi a ku Livingstone anaonjeza makina kufikira mamegawati 108, ndipo mu 1976 ndi 1977 tsidya lathu la Kariba linalandira makina aceace a mamegawati 600. Nchito yogulitsa magetsi nayo anaisonkhanitsa pamodzi: ZESCO inabadwa mu 1970, nitenga mabungwe atatu amene analipo kale, ndi pambuyo pace magetsi a makhonsolo.

Pa zaka 10 zokha dziko limene linali kupempha magetsi linasanduka logulitsa. Koma tsoka lace, makina otsiriza asanayambe ndi kuzungulira komwe, mtengo wa mkuwa unagwa m'caka ca 1975, ndipo sunadzukenso bwino kwa zaka zoposa 25. Mkuwa umene dziko linali kutulutsa, matani oposa 700,000 pa caka ca m'ma 1970, unatsika kufikira pafupifupi 250,000 m'caka ca 2000. Magetsi anatsala ambiri opanda wowadya, ndipo otsalawo anali kupita ku Zimbabwe ndi maiko ena. Cinthu cocuruka sicikhala ndi mtengo. Boma ndilo linali kuika mtengo wa magetsi monga linali kuikira mtengo wa unga ndi shuga, ndipo linali kucedwa kuukweza cifukwa coopa mkwiyo wa anthu a m'matauni, pamene mitengo ya zinthu zina inali kuthamanga. Kumayambiriro a zaka za m'ma 1990 cinthu cinali kuwirikiza mtengo caka cisanathe. Motero magetsi a Zambia anachuka kuti ali m'gulu la ochipa koposa mu Africa. Mabanja amene anali ndi waya anazolowera kuphika nyemba pa citofu tsiku lonse ndi kusiya giza ikuyaka usana ndi usiku, ndipo sitingawadzudzule, pakuti mtengo ndiwo unawaphunzitsa kutero.

Kuchipa kumeneku kunali cikomekome ca nkhuyu. Ndalama zolowa zinali kukwanira malipiro a anchito ndi zigamba zocepa, koma zosakwanira kukonza makina okalamba, ngakhale kumanga ena atsopano. Mu March 1989 moto unabuka ku Kafue Gorge nuononga mawaya a pansi pa nthaka, ndipo dziko linalawa mdima miyezi yambiri. Cenjezolo silinamveke mokwanira. Kuyambira 1977 mpaka 2013, zaka 36 zathunthu, Zambia sinatsegule malo aakuru atsopano opangira magetsi ngakhale amodzi, pamene anthu ace anawirikiza kawiri ndi kuposa.

Boma latsopano la 1991 linasintha malamulo. Lamulo la 1995 linakhazikitsa bungwe loona za mitengo ya mphamvu, Energy Regulation Board, limene linayamba nchito mu 1997. Kucokera pamenepo ZESCO ikafuna kukweza mtengo imayamba yapempha, anthu naitanidwa kudzanena maganizo ao poyera. M'caka comweco ca 1997 mawaya a ku migodi anagulitsidwa, nakhala kampani ya Copperbelt Energy Corporation, yogula magetsi kwa ZESCO mwacipiku ndi kugulitsa kwa migodi. Migodi yeniyeniyo inatha kugulitsidwa mu 2000. Pa nthawi imeneyo mkuwa unali wopanda mtengo, ogula anali ocepa, ndipo Boma linali ngati munthu wogulitsa mbuzi caka ca njala. Mapangano a magetsi ochipa a zaka zambiri anali mbali ya nyambo yokopera ogulawo.

Posakhalitsa zinthu zinatembenuka. China inayamba kugula mkuwa wambiri, mtengo unakwera, migodi yakale inadzuka, ndipo yatsopano inatsegulidwa ku Northwestern Province: Kansanshi mu 2005, Lumwana mu 2008, Sentinel ku Kalumbila ca m'ma 2015. Lusaka nayo inakula mbali zonse, nyumba iriyonse yatsopano ikufuna citofu, firiji ndi wailesi ya kanema. Caka ndi caka magetsi odyedwa anali kukwera, ndipo kagawidwe kace m'zaka za m'ma 2010 kanali kotere: migodi inali kudya theka kapena kuposerapo pang'ono, nyumba za anthu pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo mafakitale, masitolo, mafamu, zipatala ndi masukulu onse pamodzi anali kugawana kotsalako. Pofika 2008 nkhokwe ija inali itaoneka pansi, ndipo anthu anaphunzira mau atsopano, lodishedi, ndiko kuzimitsa magetsi mosinthana madera. Mitengo inayamba kukwera motsatizana: mu 2009 ndi ngwee pafupifupi 35 pa Kwacha iriyonse, mu 2010 ndi ngwee zina 25, ndi mu 2014 anaonjezanso. Ndi zaka zomwezi zimene timabokosi tolipiriratu tija tinafala m'nyumba, kotero kuti ngongole za magetsi zinacepa, ndipo munthu anayamba kuona ndi maso ace mayuniti akutha.

Cakudza sicimba ng'oma. Mvula ya 2014 mpaka 2015 inabvuta, madzi a m'Kariba anatsika msanga, ndipo popeza pafupifupi magetsi onse a dziko anali kucokera ku madzi, pakati pa 2015 nyumba ndi mashopu zinali kukhala maola 8 pa tsiku popanda magetsi. ZESCO inayamba kugula kunja pa mtengo wa munthu wosowa pogwira. Ena anacokera ku sitima ya pamadzi ya kampani ya ku Turkey, Karpowership, imene inakoceza pa doko la Nacala ku Mozambique mu 2016 nkumatentha mafuta. Yuniti yotere inali kugulidwa ndi madola pa mtengo woposa kutalitali umene inali kugulitsidwira kuno, ndipo kusiyanako kunasanduka ngongole. Mu December 2015 mitengo inakwezedwa kwambiri, kucokera pa masenti 6 a ku America pa yuniti kufika pa masenti 10 ndi pang'ono. Anthu anapfuula, ndipo mu January 2016 Pulezidenti Edgar Lungu analamula kuti mitengo yakale ibwerere. Cisankho cinali kudza mu August caka comweco. Owerenga aweruze okha.

Cisankho citapita, mtengo unakwera ndithu, mu May ndi mu September 2017. Tsono pano tiyeni tiwerengere limodzi, pakuti manambala akanenedwa okha sagwira mtima. Magetsi a m'nyumba amagulitsidwa m'makwerero: mayuniti oyamba a mwezi ndi ochipa, kuti wosauka aunikire, ndipo otsatira amanka nakwera. Titenge banja lodya mayuniti 300 pa mwezi, tisiye pambali misonkho ndi ndalama ya mwezi ndi mwezi. Kumayambiriro a 2017 mayuniti 100 oyamba anali pa ngwee 15 imodzi, ndi 200 otsatira pa ngwee 31. Banjalo linali kulipira K77. Kuyambira September 2017 mayuniti 200 oyamba anakhala pa ngwee 15, koma opitirira apo pa ngwee 89. Banjalo linalipira K119. Mu January 2020, cirala cina ca 2019 citazimitsa magetsi maola 15 pa tsiku, mayuniti 100 oyamba anafika pa ngwee 47, ndi 200 otsatira pa ngwee 85. Banjalo linalipira K217, ndipo wopitirira 300 anali kulipira K1.94 pa yuniti iriyonse yoonjeza. Mu May 2023 khwerero loyamba linatsitsidwa kufika pa ngwee 40, laciwiri linakwera kufika pa ngwee 95, ndipo banja lija linalipira K230.

Kucokera pa K77 kufika pa K230 ndi kuwirikiza katatu pa zaka 6, ndipo wolandira malipiro a Kwacha ali ndi cifukwa comveka codandaulira. Koma taonani mbali inayo. Mu 2014 dola imodzi inali pafupifupi K6, mu 2017 pafupifupi K10, kumapeto a 2020 inapitirira K20, ndipo mu 2024 inali pamwamba pa K25. Mukasandutsa ndalama za banja lija kukhala madola mudzapeza kuti kuyambira 2017 zinangozungulira pakati pa madola pafupifupi 8 ndi 15, kukwera tsiku lokweza mtengo ndi kutsikanso Kwacha ikamagwa. Koma makina, mawaya, ngongole za madamu ndi magetsi ogula kunja, zonsezi zimalipiridwa ndi madola. Ndico cifukwa cace wogula amalira kuti mtengo wakwera, wogulitsa nayenso nalira kuti sunakwere, ndipo onse awiri akunena zoona.

Nanga migodi? Mu 2017 Boma linati migodi yonse izilipira masenti 9.3 pa yuniti. Yambiri inabvomera, koma Mopani, ya ku Kitwe ndi Mufulira, imene masiku amenewo inali ya kampani ya Glencore, inakana, niti iri ndi pangano lace lakale. Mu August magetsi ace anacepetsedwa, ndipo iyo inayankha kuti idzacotsa anchito 4,700. Patapita masabata ocepa anamvana, magetsi nabwerera. Nkhaniyi ionetsa kubvuta kwa cinthuci. Wodya theka la nsima ayenera kulipira theka la unga, ndipo ine ndiganiza kuti mapangano amene anasungira migodi mtengo wa masiku a njala mkuwa utakwera kale anakhalitsa mopitirira. Komabe mgodi ndiwo umalipira ndi madola amene wogulitsa magetsi akuwasowa, ndipo ukatseka, tauni yonse imagona ndi njala. Cifukwa ca ici, masiku a cirala nyumba ndizo zimayamba kuzimitsidwa, mapampu a pansi pa nthaka akali kulira.

Pali gulu lina limene m'mikangano yonseyi silimveka mau, ndiwo anthu opanda waya. Kafukufuku wa Boma wa za umoyo wa 2018 anapeza kuti banja limodzi lokha mwa atatu linali ndi magetsi, ndipo ku midzi silinakwane ngakhale limodzi mwa khumi. Kunoko kummawa tikuidziwa bwino nkhani imeneyi. Kwa zaka zambiri Lundazi inali kuunikira ndi magetsi ogula ku Malawi, ndipo waya wamkuru wocokera ku Pensulo, pafupi ndi Serenje, unafika ku Chipata patapita zaka pafupifupi 50 cilandirire ufulu. Bungwe lofikitsa magetsi ku midzi, Rural Electrification Authority, linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2003, koma midzi yathu ndi yotalikirana, ndipo kilomita iriyonse ya waya imadya ndalama zambiri kuti ifikire nyumba zowerengeka. Tsono Boma likatenga ndalama za msonkho kukwirira ngongole za magetsi ochipa, mlimi wa ku Chadiza, amene amagula batire la tochi ndi kulipira pochajitsa foni pa golosale, amathandiza kulipirira giza ya munthu wa ku Kabulonga. Izi anthu a m'tauni sitikonda kuzimva.

Koma wokweza mtengo nayenso asadzitame, pakuti walira mvula walira matope. Mai wa ku Kanyama kapena ku Chawama akaona kuti mayuniti akuthera pa citofu, kapena kuti magetsi palibe pa ola lophika, amatulutsa mbaula. Makala, amene anthu a ku Lusaka amati malasha, amalowa mumzinda usiku ndi usana pa njinga ndi pa malole, kucokera ku Chongwe, ku Rufunsa, ku Mumbwa ndi kutali kwina. Mitengo imene imapsa m'mauvuni a makalawo ndiyo yomwe imasunga madzi a timitsinje todzaza Kafue ndi Zambezi. Eni migodi anadula nkhalango ca m'ma 1950 cifukwa cosowa malasha. Ife tikuidula cifukwa cosowa magetsi.

Sitinganene kuti palibe cimene cinamangidwa. Tsidya lathu la Kariba linaonjezedwa mamegawati 360 mu 2013 ndi 2014. Itezhi-Tezhi inayamba kupanga mamegawati 120 mu 2016. Ku Maamba anatsegula nyumba yotentha malasha ya mamegawati 300 caka comweco. Ndipo Kafue Gorge Lower, ya mamegawati 750, yomangidwa ndi kampani ya ku China, Sinohydro, inatsirizidwa mu 2023. Pa pepala dziko linali ndi mamegawati oposa 3,500, kuwirikiza kawiri a m'ma 1980. Koma magetsi atsopanowa anabadwa ndi ngongole zatsopano, ndipo yuniti yao siingachipe ngati ya madamu akale amene ngongole zao zinatha kalekale. Cinanso, magawo oposa 80 pa 100 anali akali kudalira mitsinje iwiri yokha, imene imamwa mvula ya mitambo imodzi.

Mvula ya 2023 mpaka 2024 inakana koposa zaka zonse zimene anthu ambiri amoyo akumbukira. Pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti ciralaco ndi tsoka la dziko lonse. Mu March magetsi anayamba kuzima maola 8 pa tsiku, mu May maola 12, ndipo pofika September maola 21, madera ena nakhala masiku awiri kapena atatu osaona kuwala. Pa makina 6 a tsidya lathu la Kariba, amodzi okha ndiwo anali kuzungulira. Oocherera zitsulo a ku Kalingalinga ndi ku Garden anali kugona pa mashopu ao kudikira magetsi a pakati pa usiku. Nyama inaola m'mabuchala, zigayo zinaima, mipope inauma cifukwa mapampu a madzi nao amadya magetsi, ndipo ana a mayeso anawerenga ndi tochi ya foni. Amene anali ndi ndalama anagula majenereta ndi masola, ndipo yuniti ya jenereta ya petulo imadya ndalama kuwirikiza kangapo kuposa yuniti yokwera koposa ya pa waya. Caka cimeneco anthu anaona kuti yuniti yosowa imapweteka thumba koposa yuniti yokwera mtengo.

Pa 1 November 2024 panayamba mitengo yapadera ya nthawi ya ngozi, colinga cace kusonkhanitsa madola pafupifupi 15 miliyoni pa mwezi ogulira magetsi kunja. Khwerero loyamba linatsitsidwa pang'ono, ndipo katundu anasenzetsedwa nyumba ndi mabizinesi odya mayuniti ambiri. Caka comweco malamulo anasinthidwa kuti munthu wokhala ndi masola pa denga lace athe kubweza magetsi otsala ku waya, ndi kuti makampani ena azigulitsa magetsi ao kudzera pa mawaya a ZESCO. Mu June 2025 ku Chisamba anatsegula munda wa masola wa mamegawati 100, ndipo ku Maamba nchito yomanga mamegawati ena 300 a malasha inali itayamba kale mu 2024. Maamba iri m'boma la Sinazongwe, m'cigwa comwe cija ca Gwembe, makilomita owerengeka kucokera ku gombe la nyanja imene inamiza minda ya Atonga damu litatsekedwa mu December 1958.